Magiredi anga a zaka ziwiri zoyamba si abwino: kodi udokotala wandiphonya?

Funso

Zikomo alangizi. Ndili ku America, ndikuphunzira bayoloje pa yunivesite ina ndipo ndangomaliza chaka chachiwiri mwa zaka zinayi. Kuyambira ndili mwana ndimafuna kudzakhala dokotala. Koma chaka choyamba ndinapeza C m'kemisitiri, ndipo chaka chino ndapezanso C mu organic chemistry. GPA yanga yonse (avereji ya magiredi, imene imalekezera pa 4.0) ili pa 3.1, ya maphunziro a sayansi ili pa 2.9. Ndimagwira ntchito usiku masiku anayi pa sabata kuti ndipeze ya lendi. Mnzanga wina akuti ndingoiwalako za udokotala, wina akuti magiredi alibe ntchito bola ndidzakhoze MCAT, mayeso olowera sukulu ya udokotala. Ndimvere uti?

Yankho

Musamvere aliyense mwa awiriwo, ngakhale onse akukufunirani zabwino. Udokotala sunakuphonyeni. Koma magiredi ali ndi ntchito, yaikulunso, ndipo mukapitiriza kuyenda mmene mukuyendera panopa, pofika chaka chachinayi khomo lidzakhala litatsekekadi. Ndakhala zaka zambiri ndikulangiza ophunzira amene akufuna kulowa sukulu ya udokotala, ndipo chimene ndimauza aliyense amene ali pamene mulipa ndi chimodzi: pa zonse zimene masukulu amayang'ana, magiredi okha ndi amene safufutika. MCAT mutha kulembanso. Maola othandiza m'chipatala mutha kudzawonjezera chaka china. Nkhani yofotokoza chifukwa chimene mukufunira udokotala mutha kuilemba kakhumi mpaka itakoma. Koma C akalowa pa chikalata chanu cha magiredi, walowa basi. Choncho zaka ziwiri zatsalazi zikhale za magiredi poyamba, zina zonse zibwere pambuyo.

Tiyambe ndi manambala, chifukwa mantha ambiri amabwera munthu akamangodalira zamvemve. Chaka chilichonse anthu opitirira 50,000 amafunsira malo m'masukulu a ku America opereka digiri ya udokotala yotchedwa MD, ndipo amene amalowa amakhala pafupifupi 23,000. Ndiye kuti mwa anthu khumi, anayi kapena kuposerapo pang'ono ndi amene amapeza malo. Bungwe la masukuluwa, Association of American Medical Colleges, limene ambiri amangolitchula kuti AAMC, limatulutsa ziwerengero chaka ndi chaka. M'zaka zaposachedwapa GPA ya amene alowa yakhala ikuzungulira pakati pa 3.75 ndi 3.8, ya sayansi yokha n'kutsikirako pang'ono kufika cha m'ma 3.7. Pa MCAT, mayeso amene malikisi ake amayambira pa 472 n'kulekezera pa 528, olowawo amakhala pakati pa 511 ndi 512. Amenewa ndi manambala apakati, kutanthauza kuti anthu ambiri ndithu analowa ali pansi pake. Komabe muone nokha mtunda umene ulipo kuchokera pa 3.1.

AAMC ilinso ndi tebulo limene ndimalionetsa wophunzira aliyense wobwera mu ofesi mwanga. Mbali imodzi kuli GPA, mbali inayo MCAT, ndipo m'kabokosi kalikonse alembamo kuchuluka kwa amene analandiridwa. Pakona ya pamwamba, pamene pali anthu a GPA yopitirira 3.79 ndi MCAT yopitirira 517, oposa 80 mwa 100 aliwonse amapeza malo. Pamenepa pali zinthu ziwiri zoti muzione. Choyamba, ngakhale pamwambamwamba pomwepo alipo amene amatsala, umboni wakuti manambala okha salowetsa munthu. Chachiwiri, mukamatsika ndi chala m'tebulomo, mwayi umachepa pang'onopang'ono ngati masitepe, sugwa kamodzin'kamodzi ngati phompho. Kukwera kulikonse, ngakhale kuchoka pa 3.3 kufika pa 3.5, kumakusamutsirani m'kabokosi kabwinoko. Malo amodzi okha amene amafanana ndi phompho ndi cha pa 3.0. Masukulu ena amasefa mafomu asanawapereke kwa munthu woti awerenge, ndipo mzere umene umatchulidwa kawirikawiri ndi umenewo. GPA yanu ya sayansi ili pa 2.9, ndipo ndi imene ikundidetsa nkhawa kuposa 3.1 ija.

Muyeneranso kudziwa kuti GPA imene masukulu adzaone si imene yunivesite yanu yalemba. Masukulu ambiri a MD amalandira mafomu kudzera ku AMCAS, njira ya pa intaneti yofunsira malo imene AAMC imayendetsa, ndipo AMCAS imatenga zikalata zanu zonse n'kuwerengetsera mwa njira yakeyake. A ndi 4.0, A- ndi 3.7, B+ ndi 3.3, B ndi 3.0, C ndi 2.0, F ndi 0, ndipo phunziro la ma credit (muyeso wa kukula kwa phunziro) anayi limalemera kuposa la ma credit awiri. Phunziro lililonse la pa koleji limene munalembetsapo ku America limalowa, ngakhale lija munatenga pa community college (koleji ya zaka ziwiri) muli ku sekondale. Mukabwereza phunziro, yunivesite yanu ikhoza kufufuta giredi yoyamba, koma AMCAS imawerengera zonse ziwiri. C woyamba ndi A wachiwiri zimangobereka B. Kale masukulu opereka digiri ina ya udokotala yotchedwa DO, amene mafomu awo amadzera ku AACOMAS m'malo mwa AMCAS, ankalola kuti giredi yatsopano ilowe m'malo mwa yakale, koma anasiya mu 2017. Ndikutchula zimenezi chifukwa malangizo akale akadali mbwee pa intaneti, ndipo ndaonapo ana akutaya chaka chathunthu kubwereza maphunziro poganiza kuti akufufuta mbiri. Kenako AMCAS imagawa magiredi pawiri: a bayoloje, kemisitiri, fizikisi ndi masamu amapanga GPA yawoyawo yotchedwa BCPM, ena onse amapita mbali ina. N'chifukwa chake kudzaza semesita ndi maphunziro ofewa kuti GPA yonse ikwere sikunamiza aliyense. Wowerenga amangosuntha diso pang'ono n'kuona kuti ya sayansi sinasunthe.

Tsopano tiwerengetsere zanu. Tingoyerekeza kuti mwamaliza ma credit 60 ndipo atsala 60. Mukapeza 3.9 pa otsalawo, mudzamaliza digiri ndi 3.5. Mukawonjezera chaka china cha ma credit 30 n'kupeza A yekhayekha, mufika pa 3.6. Sindikubisirani: 3.8 simudzaionanso, masamu akukana. GPA ili ngati mphika waukulu wa madzi ozizira, mukathiramo kapu ya madzi owira sisintha kwenikweni, ndipo mphikawo ukamadzaza m'pamenenso umavuta kutenthetsa. Lero mphika wanu uli theka. Ichi n'chifukwa chake semesita ikubwerayi ndi yamtengo wapatali kuposa ina iliyonse imene idzabwere pambuyo pake.

Koma 3.5 imeneyo si yofanana ndi 3.5 ina iliyonse, ndipo apa m'pamene pali chiyembekezo chanu chenicheni. Pa fomu ya AMCAS pali katebulo kakang'ono kamene kamaonetsa GPA chaka ndi chaka, mzere wa chaka choyamba, wachiwiri, wachitatu, wachinayi, ndi wa maphunziro owonjezera digiri itatha. Wophunzira akandibweretsera fomu yake, maso anga amathamangira pamenepo nambala yomaliza ndisanaione n'komwe, ndipo anthu a m'makomiti osankha ophunzira amachita chimodzimodzi. Taganizani mapepala awiri ali pa tebulo. Loyamba likuti 3.9, 3.7, 3.3, 3.1. Lachiwiri likuti 3.0, 3.2, 3.9, 3.9. Onse awiri amaliza ndi 3.5. Koma woyambayo zinkamuyendera maphunziro ali ofewa, ndipo atayamba kulimba iye anayamba kutsetsereka. Amene ali pakhomo lero ndi wa 3.1 uja. Wachiwiriyo anapunthwa, anazindikira chimene chinamupunthwitsa, kenako anakhoza biochemistry, physiology ndi genetics kwa zaka ziwiri zotsatizana osagwedezeka. Palibe komiti imene ingavutike kusankha pakati pa awiriwa. Pepala lachiwirilo likhoza kukhala lanu, mizere iwiri yoyamba mwailemba kale.

Mwina mungafunse kuti n'chifukwa chiyani masukulu amaumirira chonchi pa magiredi, pamene dokotala wabwino amadziwika ndi mtima. Ine ndimaona kuti si nkhanza. Zimene mumaphunzira semesita yathunthu ku koleji, ku sukulu ya udokotala zimatha m'masabata ochepa, ina n'kubwera pomwepo. Kutsogolo kuli mayeso a USMLE amene wa digiri ya MD sangapeze laisensi asanawakhoze. Kuyambira Januwale 2022 gawo loyamba la mayesowa limangonena kuti wakhoza kapena walephera, osatchula malikisi, komabe kulephera kumatsalira pa mbiri ya munthu. Ndipo ngongole ya wophunzira womaliza udokotala ku America imafika cha m'ma 200,000 dollars. Sukulu ikalandira munthu amene sangathe liwiro limeneli, n'kudzasiya chaka chachiwiri, amachoka ndi ngongole yoopsa popanda digiri. Choncho funso limene komiti imadzifunsa poona magiredi ndi lakuti: kodi munthu uyu akhoza kusenza katundu wathu? Ikakhutira kuti inde, magiredi amakhala amaliza ntchito yawo, ndipo imatembenukira ku zina: mwaonapo chiyani m'chipatala, mwatumikirapo ndani, aphunzitsi anu akuti chiyani za inu, mumayankhula bwanji pa intaviyu. Ntchito yanu ndi yoti funso loyambalo liyankhike mosasiya chikaiko.

Za mnzanu wa MCAT uja, pali kachoonadi pang'ono m'mawu ake. Mayesowa ndi ofanana kwa aliyense, kaya wachokera ku yunivesite yotchuka kapena yosadziwika, ndiye munthu wa GPA yotsika akapeza 514 kapena 516 amaonetsa kuti sayansi ili m'mutu. Kwa inu MCAT yabwino ndi yofunika kuposa mmene ilili kwa wa 3.9. Koma MCAT ndi ya tsiku limodzi, maola asanu ndi awiri ndi theka, pamene GPA ndi ya zaka zinayi. MCAT yapamwamba yokhala pambali pa magiredi amene sanasinthe imauza komiti kuti munthuyu nzeru ali nazo koma sakhazikika, ndipo mbiri imeneyo si yabwino kwa wofuna kusamalira odwala tsiku ndi tsiku. Komanso mafunso a MCAT amachokera m'maphunziro omwewo amene akukuvutaniwa, kuphatikizapo biochemistry, psychology ndi sociology. Musalembe mongoyesa. Malikisi onse amene munapezapo amaoneka kwa masukulu, ndipo malamulo amalola kulemba katatu pa chaka, kanayi pa zaka ziwiri zotsatizana, kasanu ndi kawiri moyo wonse. Chonde musaphatikize kukonzekera MCAT ndi semesita imene mukufuna kukonza magiredi. Ndaona ambiri akugwetsa zonse ziwiri.

Tibwere pa chiganizo chimene mwachiika chakumapeto ngati chosafunika, cha ntchito ya usiku masiku anayi pa sabata. Kwa ine funso lanu lonse lagona pamenepo. Zaka zingapo zapitazo kunabwera mtsikana wina mu ofesi mwanga atanyamula pepala la mayeso a organic chemistry, lofiira ndi inki ya mphunzitsi. Ankagwira ntchito usiku kunyumba yosamalirako okalamba, kuweruka 7 koloko m'mawa, 9 koloko ali m'kalasi. Anakhala pampando chikwama chili pamiyendo, n'kunena kuti mwina mutu wake si wa sayansi. Ndinamupempha kuti tidutse pepalalo funso ndi funso, ndipo pa lililonse limene analakwa alembe chimodzi mwa zitatu: sindinkadziwa, ndinkadziwa koma ndinasokoneza, kapena nthawi inandithera. Titamaliza, mafunso a "sindinkadziwa" anali awiri okha. Ena onse anali osokoneza: kuwerenga funso molakwika, kuiwala kaboni mmodzi pojambula, kusiya tsamba lomaliza losayankha. Kenako anatulutsa m'chikwama mulu wa timakadi tomangidwa ndi labala, mazanamazana, kalikonse kali ndi reaction imodzi yoti aloweze. Ankaloweza pa nthawi yopuma kuntchito, 3 koloko usiku. Organic chemistry salowezedwa choncho; imafuna pensulo, pepala, kujambula mivi yosonyeza kumene ma electron akupita mpaka dzanja litazolowera, ndipo imafuna ubongo umene wagona.

Sitinachite zodabwitsa. Anapempha kuntchito kuti amusinthire ku Loweruka ndi Lamlungu. Anatsitsa ma credit kufika pa 12 pa semesita, amene ndi ochepetsetsa kuti munthu awerengedwebe kuti ndi wophunzira wanthawi zonse, ndipo anavomera mumtima kuti digiri idzamutengera zaka zisanu. Anasiya kutenga maphunziro atatu a labu nthawi imodzi. Anayamba kupita kwa mphunzitsi pa maola amene aphunzitsi amakhala mu ofesi kudikira ophunzira, chinthu chimene kale ankachita nacho manyazi poopa kuoneka mbuli. Paja mbewa ya manyazi inafera kuuna. Mphunzitsi yemweyo amene anamupatsa C ndi amene anadzamulembera kalata yomuchitira umboni yamphamvu kwambiri, chifukwa anamuona akusintha ndi maso ake. Analowa sukulu ya udokotala mochedwerapo ndi zaka ziwiri poyerekeza ndi anzake, ndipo palibe wodwala amene adzamufunse za zaka ziwirizo.

Ndikudziwa kuti lendi sidikira, ndipo sindingakuuzeni kuti mungosiya ntchito. Koma khalani pansi ndi ofesi yoona za thandizo la ndalama pa yunivesite yanu, mufunse ngati pali china chimene mungapeze. Ngongole yochepa yowonjezera lero ndi yotchipa kuposa chaka chathunthu cha maphunziro okonzera magiredi mawa. Ngati n'kotheka, sakani ntchito ya m'chipatala, monga yothandiza anamwino, ya mu ambulansi kapena yolembera dokotala zimene akukambirana ndi wodwala, kuti maola amene mukugwirira ndalama akhalenso maola odziwira odwala. Ndipo ntchito imene mukugwira panopa musaione ngati chamanyazi. AMCAS imapereka malo 15 olembapo zimene mwachita kunja kwa kalasi, ndipo ntchito yolipidwa imalowa pamenepo. Makomiti ambiri amalemekeza munthu amene wadzilipirira yekha sukulu. Chimene sangachite n'kukuwonjezerani malikisi chifukwa cha zimenezo.

Nanga ma C awiriwo muwabwereze? Ine ndingati ayi, pokhapokha ngati mukudziwa mumtima kuti phunzirolo silinalowe n'komwe. Masukulu ambiri amavomera C pa maphunziro amene amafuna kuti munthu akhale atatenga, koma C- kapena kutsika apo ndiye ayenera kubwerezedwa. Munthu akabwereza phunziro n'kupeza A, wowerenga amati n'zoyembekezereka, waliona kawiri; akapeza B, zimamuipira. Koma A mu biochemistry, imene imamangidwa pamwamba pa organic chemistry, imayankha funso lonse popanda mawu ena. Ndipo mukadzaona pakati pa semesita kuti phunziro lina likupita ku D, kulisiya nthawi yololedwa isanathe kuti palembedwe W n'kwanzeru, chifukwa W salowa mu GPA. Mmodzi kapena awiri savuta. Akachuluka amayamba kufotokoza nkhani yawoyawo.

Digiri ikadzatha manambala asanafike pabwino, njira zilipo ziwiri, ndipo anthu amazisokoneza. Yoyamba ndi kutenga maphunziro ena a sayansi a mlingo wa digiri yoyamba, imene amaitcha post-bacc. Magiredi ake amalowa mu GPA ija ya digiri yoyamba n'kuikweza, ndipo mutha kuchita zimenezi panokha pa yunivesite ya boma yapafupi popanda kulowa pulogalamu yodula. Muchenjere posankha: mapulogalamu ena otchuka, monga a ku Bryn Mawr ndi Goucher, anapangidwira anthu amene sanaphunzirepo sayansi ndipo akusintha ntchito, osati okonza magiredi. Njira yachiwiri ndi digiri ya masters yapadera ya chaka chimodzi, imene amaitcha SMP, monga ya ku Georgetown, kumene mumaphunzira maphunziro ofanana kapena omwewo amene ophunzira udokotala a chaka choyamba akuphunzira. Magiredi ake amaikidwa padera, sakweza GPA ya digiri yoyamba, koma mukakhoza bwino mwaonetsa poyera kuti katunduyo mukhoza kumusenza. Mukalephera, mwaonetsanso poyera zosiyana ndi zimenezo, ndipo ndalama zake ndi madola masauzande makumimakumi. Imeneyi ndi njira yomaliza, yolowa munthu atakonza kale chimene chinkamugwetsa. Masters ya public health kapena ya utsogoleri wa zipatala ndi yabwino payokha, koma siyankha funso la sayansi, ndiye musaitenge ndi cholinga chokonzera magiredi.

Musanyozenso masukulu a DO. Madokotala ake amapatsidwa laisensi yochita zonse m'zigawo zonse 50 za America, ndipo kuyambira 2020 maphunziro a ukatswiri a pambuyo pa digiri ali pansi pa dongosolo limodzi kwa a MD ndi a DO omwe. Olowa kumeneko GPA yawo imakhala cha m'ma 3.6 ndipo MCAT cha m'ma 504, manambala amene inu mukhoza kuwafikira. Chofunika kufufuza n'chakuti ngati mukulingalira zodzagwira ntchito kunja kwa America, mayiko amasiyana pa kavomerezedwe ka digiri ya DO. Kumene ndikukuchenjezani ndi mtima wonse ndi masukulu a ku zilumba za Caribbean amene amalandira pafupifupi aliyense wokhoza kulipira. Alipo madokotala abwino amene anadzera kumeneko, koma ambiri amasiyira panjira, ndipo omaliza amavutika kwambiri kupeza malo a ukatswiri ku America. Munthu amene sanakonze kawerengedwe kake akapita kumeneko amangosamutsa vuto lake n'kuliwonjezera ngongole.

Pali chinthu china chimene chimasintha kulemera kwa magiredi anu, ndicho mapepala anu okhalira m'dzikomo. Ngati ndinu nzika kapena muli ndi green card (chilolezo chokhaliratu m'dzikomo), masukulu a boma a m'chigawo chimene mukukhala ndiwo mwayi wanu waukulu, chifukwa amakondera anthu a m'chigawo chawo. Ku Texas, mwachitsanzo, malo 90 mwa 100 aliwonse m'masukulu a boma amasungidwira anthu a komweko, ndipo ali ndi njira yawoyawo yofunsira malo yotchedwa TMDSAS. Ngati muli pa visa ya wophunzira, nkhani imalimba. Masukulu amene amalandira ochokera kunja ndi ochepa, ambiri mwa iwo ndi aja opikisana kwambiri, ngongole za boma la America simungapeze, ndipo ena amafuna kuti muonetse kapena kusungitsa ndalama za fizi za chaka chimodzi mpaka zinayi musanayambe. Pamenepo 3.5 imafunika kuperekezedwa ndi MCAT yapamwamba zedi. AAMC ili ndi nkhokwe ya pa intaneti yotchedwa MSAR imene imaonetsa, sukulu ndi sukulu, manambala a amene analandiridwa ndiponso ngati amalandira ochokera kunja. Muzisankha masukulu mukuyang'ana mmenemo, osati potengera kutchuka kwa dzina.

Za nthawi yofunsira malo, musathamange. Anzanu adzatumiza mafomu kumapeto kwa chaka chachitatu kuti alowe akangomaliza digiri. Inu mukatero, komiti idzaona zaka ziwiri zofooka ndi chaka chimodzi chokha chabwino. Dikirani kuti chaka chachinayi chilowe m'katebulo kaja. Ambiri mwa olowa udokotala masiku ano amakhala atapumirako chaka kapena kuposerapo, ndipo msinkhu wapakati wa oyamba ndi zaka 24. Chaka chimene mwakonzeka, tumizani msanga: AMCAS imatsegulidwa mu Meyi, mafomu amayamba kutumizidwa kumapeto kwa mweziwo kapena kumayambiriro kwa Juni, ndipo masukulu ambiri amapereka malo mmene mafomu akufikira. Wa manambala apakatikati amene watumiza mu Seputembala wadzilanga yekha. Ndi bwino kufunsira kamodzi muli okonzeka kusiyana ndi kufunsira katatu, chifukwa wobwereza amafunsidwa kuti chasintha n'chiyani.

Mukadzafika pofotokoza za zaka ziwiri zoyambazi, kaya polemba kapena pa intaviyu, ziganizo zitatu n'zokwanira: chinachitika n'chiyani, munasintha chiyani, zotsatira zake ndi ziti. Osadandaula za mphunzitsi wouma mtima, osapepesa mobwerezabwereza. Nkhani yanu yaikulu pa fomu ili ndi malo a zilembo 5,300 zokha, ndipo ikhale ya chifukwa chimene mukufunira kusamalira odwala, osati ya ma C. Ndiwonjezere chinthu chimodzi chimene ndimachinena kwa aliyense amene wapanikizika ndi magiredi, chifukwa mayesero amabwera nthawi ngati imeneyi: musabere mayeso, musakopere lipoti la labu la mnzanu, ngakhale mutatopa chotani. AMCAS imafunsa ngati sukulu inakupatsanipo chilango, ndipo muyenera kuyankha zoona. C amakhululukidwa chaka chilichonse. Mlandu wa chinyengo ndi wovuta kwambiri kuuchotsa m'maganizo a komiti.

Semesita ikubwerayi muitenge ngati muyeso. Musanalembetse maphunziro, tengani chikalata chanu cha magiredi, muwerengetsere nokha BCPM monga mmene AMCAS ingachitire, mupite nacho kwa mlangizi wa ofuna udokotala pa yunivesite yanu. Mukambirane ndi abwana anu za masiku a ntchito sabata ino, osati sukulu itatsegulira. Mutenge maphunziro awiri okha a sayansi, ndipo cholinga chikhale A kapena A- pa onse awiri. Mukachita zonsezi, mukugona mokwanira, mukupita kwa aphunzitsi, koma magiredi n'kukhalabe pa C, pamenepo tidzakhala pansi n'kukambirana moona mtima za ntchito zina zosamalira odwala, ndipo zilipo zaulemu wake. Koma nkhani imeneyo si ya lero, chifukwa mpaka pano simunadziyesepo muli ndi tulo tokwanira. Zotsatira zikadzatuluka mu Disembala mudzandilemberenso, mudzatchule giredi ya phunziro lililonse ndi maola amene munkagwira ntchito pa sabata, kuti tidzaone ngati biochemistry ilowe mu Januwale kapena idikire chaka chachinayi.